Ana a mitundu iwiri ndi nkhondo yomenyera ufulu: kodi kwawo amakupeza kuti?

MwanaWaKuThyolo:
Akuluakulu ndi anzanga, ndikupempha maganizo anu, makamaka inu amene munabadwa kwa makolo a mitundu iwiri kapena mukulera ana otere. Mayi anga ndi Alomwe a ku Thyolo, ndipo malemu bambo anga anali mwana wa mmwenye wa sitolo ndi mayi wa Chiyao. Ndinakulira ku Limbe, kumene kusukulu ankanditchula mkaladi, kumudzi ana ankanditsatira akukuwa kuti mzungu, pamene kwa abale a bambo tinkafikira pakhonde ndi kubwerera pomwepo. Nthawi yoyamba imene palibe anandifunsa kuti ndine wa kuti inali pa zionetsero zotsutsa zotsatira za chisankho cha pa 21 May 2019, pamene utsi wokhetsa misozi unatilowa m'maso tonse mofanana, ndipo mayi wina wogulitsa zitumbuwa anandisukuluza kumaso ndi madzi ake akunditchula mwana wake. Kuyambira pamenepo ndakhala m'magulu a achinyamata olimbana ndi nkhanza komanso othandiza pa ngozi. Funso langa ndi ili: kodi kumva kuti uli pakati pa anthu ako, kumene munthu amakupeza pomenyera ufulu, ndi chinthu chokhalitsa, kapena chimazirala zionetsero zikatha?

Chimbalanga88:
Achemwali, ndiyankhula mosabisa mawu. Anthu a khungu lanu amalandiridwa msanga m'mabanki, m'mahotela ndi pofunsira ntchito kuposa ife, ndiye sindikuona kuti vuto lanu lalikulu lili pati.

MphunzitsiWopuma:
A Chimbalanga, zimene mwanenazo zili ndi mbali yoona, koma zili ndi kumene zinachokera, ndipo tikapanda kufukula chiyambi chake tidzangolozana zala. M'chaka cha 1929 khoti lalikulu la Nyasaland linaweruza mlandu wa Carr ndi Karim. Suleman Abdul Karim anali mwana wa bambo wa ku India ndi mayi wa kuno, ndipo woweruza Haythorne Reed anagamula kuti munthu wotere asawerengedwe m'gulu la eni dziko monga mmene malamulo a atsamunda ankawatanthauzira. Chigamulochi chinasautsa boma mpaka ku London, chifukwa msonkho, malo, sukulu ndi makhoti zonse zinkayendera mtundu wa munthu. Nthawi yomweyo kunabadwa bungwe la Anglo-African Association, limene banja la Ascroft linali patsogolo pake. Anthu amenewa analimbana ndi boma ndithu, analemba makalata a madandaulo ndi kuchititsa misonkhano, koma chimene ankapempha kwenikweni chinali chakuti ana a azungu obadwa kwa amayi akuda apatsidwe sukulu zawo ndi ulemu wawo, osasakanizidwa ndi abale a amayi awo. Pamene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953, maphunziro a ana a azungu, amwenye ndi makaladi anali m'manja mwa boma la chitaganya, pamene a ana akuda anatsala m'manja mwa boma la dziko lililonse, ndipo mpata umene mukuuona lero m'mabanki unakula kuchokera pamenepo.

Ndiye mwana wanga wa ku Thyolo, kumenyera ufulu pakokha sikumanga ubale. Kumadalira amene ukumenya naye ndi chimene ukumenyeracho. Analipo ena amene anasankha njira ina. Ismail Surtee, wa magazi a Chimwenye ndi a kuno, anayenda ndi Malawi Congress Party pa nthawi yofuna ufulu wodzilamulira, ndipo anakhala sipikala wa nyumba ya malamulo kuyambira 1964 mpaka 1971.

Nankhoma_Dedza:
Ine sindinapite patali ndi mbiri ya m'mabuku, koma mwambo ndimaudziwa. Kwa ife Achewa, ndiponso kwa Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, mwana ndi wa kuchikazi. Bambo akhale Mngoni, Mtonga, mzungu kapena mmwenye, mwanayo amawerengedwa mu mbumba ya amalume ake, ndipo akamwalira manda ake ali kwa amayi ake. Ndiye ndikudabwa kuti mtsikana wa mayi Wachilomwe akufunafuna kwawo pamsewu pakati pa apolisi ndi miyala, pamene atsibweni ake alipo ku Thyolo. Mwana wanga, kodi pa maliro a kumudzi mumapita? Mumagona pasiwa pamodzi ndi amayi anzanu? Mumatunga nawo madzi ndi kuphika nawo nsima ya adzukulu? Ana akukuwa kuti mzungu amaleka akaona kuti mzunguyo wamanga chitenje ndipo ali pamoto.

MwanaWaKuThyolo:
Mayi Nankhoma, pa maliro ndimapita ndithu, koma ndikagwira mthiko amandilanda, ndipo amandiyalira mpando pamthunzi pamodzi ndi alendo ochokera kutauni. Amachita zimenezi mwaulemu, ndipo ulemuwo ndi umene umandipweteka, chifukwa mwana wa pakhomo sapatsidwa mpando pa maliro a agogo ake.

Nankhoma_Dedza:
Pamenepo ndakumvani. Koma mthikowo musamaupereke msanga. Akakulandani kawiri, kachitatu adzatopa.

Mkandawire_Rumphi:
Mayi Nankhoma afotokoza za chigawo chapakati ndi chakummwera, koma kwathu kumpoto nkhani ndi yosiyana, ndipo ndi yowawa kuposa pamenepo. Kwa Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba mwana ndi wa kuchimuna ngati malowolo anaperekedwa. Mlendo wobereka mwana n'kubwerera kwawo osapereka kanthu amasiya mwana wopanda mudzi wa bambo, ndipo kwa amayi akewo amakhala ngati wosungidwa chabe, makamaka ikafika nkhani ya munda. Msuweni wanga wina anakula motero, ndipo malo amene anawapeza anali mu mpingo ndi m'bungwe la aphunzitsi, osati m'mudzi. Choncho tisanene kuti mwambo unathetsa kale funsoli kulikonse.

WaKuMatero_Lusaka:
Kuno ku Zambia tili ndi chitsanzo chimene akuluakulu amachikumbukirabe. Aaron Milner anali munthu wa mitundu iwiri amene analowa chipani cha UNIP pa nthawi imene anzake ambiri ankaona kuti chitetezo chawo chili kwa atsamunda, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anakhala nduna ya za m'dziko mu boma la Kenneth Kaunda. Ku Chipata, kumene kale kunkatchedwa Fort Jameson, kuli mabanja ambiri ochokera kwa akuluakulu a boma ndi alimi a fodya achizungu amene anabereka ana ndi amayi Achingoni ndi Achichewa, ndipo zidzukulu zawo lero zimalankhula Chinyanja chakuya kuposa ife a mu Lusaka. Komabe ndikugwirizana ndi achemwali a ku Thyolo pa mfundo imodzi: udindo wa nduna mmodzi sunaletse ana a ku komboni kufunsa mnzawo woyererako kuti bambo ake anathawira kuti.

Chimbalanga88:
Mwatchula sipikala ndi nduna. Zimenezi zikungotsimikiza mawu anga, kuti iwo akalowa m'gulu amakwera msanga pampando, pamene amene anaponya miyala amatsala pansi.

DadaWaKuMitchellsPlain:
Achimwene a Chimbalanga, bwerani kuno ku Cape Town mudzaone ngati khungu loyererako limakweza munthu pampando. Ndakhala kuno zaka zambiri ndikugwira ntchito ya zomangamanga, ndipo mkazi wanga ndi wa mtundu umene boma la tsankho linautcha makaladi. Lamulo la 1949 linaletsa ukwati wa azungu ndi anthu a mitundu ina, la 1950 linalamula kuti munthu aliyense alembedwe mtundu wake m'kaundula, ndipo mu 1966 boma linalengeza kuti District Six, dera la mu Cape Town mmene munkakhala makaladi ambiri, ndi la azungu okha, anthu oposa 60,000 n'kusamutsidwa kupita ku mchenga wa Cape Flats. Apongozi anga anali mmodzi wa iwo. Pamene boma linafuna kuwanyengerera ndi nyumba ya malamulo yawoyawo, kusiya anthu akuda kunja, ambiri anakana, ndipo bungwe lotsutsa tsankho la United Democratic Front linakhazikitsidwa pa 20 August 1983 mu Mitchells Plain muno, m'busa Allan Boesak ali mmodzi wa olankhula. Chisankho cha nyumba imeneyo mu 1984 anthu ambiri anachinyanyala. Dulcie September, mphunzitsi wa ku Athlone, anaphedwa ku Paris pa 29 March 1988 akuimira ANC, chipani chomenyera ufulu ku South Africa. Anthu amenewa sanalowe nkhondoyi kuti akwere pampando.

Koma kuti ndiyankhe funso la achemwali a ku Thyolo, ndiyenera kunena mbali inayo. M'zaka zimenezo, potsatira chiphunzitso cha Steve Biko, achinyamata ambiri a kuno ankadzitcha akuda ndipo dzina la kaladi ankalikana kuti ndi la opondereza. Chisankho cha 1994 chitafika, chigawo cha Western Cape chinapita kwa National Party, chipani chomwe chija chinawasamutsa, ndipo mavoti ambiri anachokera m'madera a makaladi, chifukwa cha mantha a ntchito ndi nyumba. Lero apongozi anga amadandaula kuti kale sanali oyera mokwanira ndipo tsopano sali akuda mokwanira. Umodzi wa pa nthawi ya nkhondo unali weniweni, ine sindikukayika, koma sunakhale wokha popanda kuusamalira mdani atachoka.

MphunzitsiWopuma:
A Dada, mwatikumbutsa bwino, ndipo ndiwonjezerepo Walter Sisulu. Bambo ake anali mzungu, mayi ake Mxhosa, ndipo analeredwa ku Engcobo ndi amayi ake, agogo ake ndi amalume ake. Malamulo akanamulola kufuna kulembedwa m'gulu lopepukirako mavuto, koma iye anakhala Mxhosa moyo wake wonse, anakhala mlembi wamkulu wa ANC mu 1949, ndipo anatuluka m'ndende mu October 1989 atakhalamo zaka zoposa 25. Chimene ndimaona pa moyo wake ndi chakuti sanapite ku ndale kukafuna mtundu. Anapita ali nawo kale, umene anaulandira kwa akuchikazi, monga akunenera mayi Nankhoma.

LoyaWamng'ono:
Ndikufuna kutsutsa pang'ono, ndipo achemwali a ku Thyolo mundikhululukire ngati mawu anga alemera. Zionetsero za 2019 zinali za chisankho chimene khoti linadzachithetsa pa 3 February 2020, ndipo mayi wa zitumbuwa amene anakusukuluzani kumaso anabwera chifukwa cha voti yake ndi mtengo wa ufa, osati kudzachiritsa bala la mumtima mwanu. Pali ngozi imene ndaiona m'mabungwe, kuti munthu amene akufunafuna malo ake amasandutsa nkhondo ya anthu osauka kukhala mankhwala a kusungulumwa kwake. Munthu wotere amakhumudwa msanga akadzudzulidwa, chifukwa kwa iye kudzudzulidwa pa msonkhano kumamveka ngati kuthamangitsidwa pakhomo. Komanso a Chimbalanga sakunama kotheratu, chifukwa alendo obweretsa thandizo akafika, kawirikawiri amayamba kulankhula ndi amene akuoneka ngati iwo ndiponso amene Chingerezi chake n'chosalala, ngakhale atakhala kuti analowa gululo dzulo. Funso limene ndikanakonda kuti mudzifunse si lakuti gulu likukulandirani kapena ayi, koma lakuti mlendo akakulozani kuti mulankhule, mumatani.

MwanaWaKuThyolo:
A Loya, mawu anu alemeradi, koma sindiwakana. Zimenezi zinandichitikira pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023, pamene tinkagawa ufa ndi zofunda kwa anthu amene nyumba zawo zinakokoloka ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Alendo ena a bungwe lina anafika ndi makamera n'kulunjika kwa ine, kusiya mayi amene ankatsogolera ntchito yonse, amenenso anataya abale ake m'matope omwewo. Ndinawalozera kwa mayiwo ndipo ine ndinangokhala womasulira. Koma usiku umenewo mnyamata wina wa m'gulu lathu lomwelo ananena kuti anthu ngati ine timabwera kudzajambulitsa. Tinali titanyamula limodzi matumba tsiku lonse. N'chifukwa chake ndafunsa ngati chinthuchi chimakhalitsa.

Nankhoma_Dedza:
Mnyamata ameneyo anali wotopa ndi wachisoni. Ngakhale ana a bere limodzi amanenana mawu oposa amenewo pogawana chimanga, ndipo sasiya kukhala abale.

MuzukuruWaKuMbare:
Ine ndinabadwira ku Harare, agogo anga anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito m'mafamu, ndipo ndikufuna kukuuzani kuti nkhani imeneyi inatikumanitsa ndi makaladi a ku Arcadia, dera la mu Harare, m'njira imene sitinaiyembekezere. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, aliyense amene kholo lake linabadwira kunja anauzidwa kuti akane unzika wa dziko linalo, ngakhale sanaupemphepo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Zidzukulu za Amalawi, Azambia ndi a ku Mozambique tinapezeka pa mzere umodzi ndi anthu a mitundu iwiri ku maofesi a ziphaso, tonse tikuuzidwa kuti ndife alendo m'dziko limene tinabadwiramo. Ife ndife akuda ngati wina aliyense, koma tinalibe mudzi wa kuno woti tiutchule, ndipo iwonso analibe. Malamulo aakulu a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira muno amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. Chimene ndinaphunzirapo ndi chakuti vuto silikhala pa khungu pokha, limakhalanso pa pepala ndi pa funso lakuti mfumu yako ndani.

LoyaWamng'ono:
Za pepalazo zinaliponso kwathu. Lamulo la unzika la Malawi la 1966 linanena kuti mwana akhale nzika pobadwa ngati kholo lake limodzi ndi nzika komanso ndi la mtundu wa mu Africa. Mwana wa mayi wakuda ankadutsa pamenepo, koma mawu omwewo ankaonetsa kuti boma likuyeza magazi. M'zaka za m'ma 1970 amwenye analamulidwa kuchoka m'masitolo a kumidzi kupita m'mizinda, ndipo ana ena amene anabereka kumeneko anatsala ndi amayi awo popanda chithandizo. Lero gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa tsankho la mtundu kapena khungu, ndipo gawo 23 limanena kuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo mosayang'ana mmene anabadwira, komanso kuti ali ndi ufulu wodziwa makolo awo.

MayiWaAwiri_Manchester:
Ndikuwerenga zonsezi ndi mtima wa kholo. Ndine namwino, mwamuna wanga ndi Mngerezi, ndipo ana athu awiri anabadwira kuno. Kalembera wa 2021 anapeza kuti ku England ndi Wales kuli anthu pafupifupi 1.7 miliyoni a mitundu yosakanikirana, choncho ana anga si achilendo m'kalasi mwawo monga analili achemwali a ku Thyolo ku Limbe. Koma chodabwitsa ndi chakuti mwana yemweyo amene ku Kasungu amamutcha mzungu, kuno ndi wakuda basi, ndipo mlonda wa m'sitolo amamutsatira. Mwana wanga wamkazi analowa zionetsero za 2020 George Floyd ataphedwa ku America, m'masiku omwe chipilala cha Edward Colston, wogulitsa akapolo, chinagwetsedwa ku Bristol n'kuponyedwa m'madzi. Anabwera kunyumba ali wosinthika, anayamba kundifunsa za John Chilembwe ndi za 1915, ndipo anandikakamiza kuti ndizimulankhula Chichewa, chimene ine ndinkachita nacho ulesi. Kwa iye msewu sunakhale mudzi wake, koma unamutumiza kukafuna kwa amayi ake. Popeza Malawi tsopano amalola unzika wa maiko awiri, akufuna pasipoti ya kwathu.

Chimbalanga88:
Mayi, pasipotiyo akaitenga adzabwere adzaime nafe pa mzere wa mafuta ndi wa feteleza, asamangobwera pa Khirisimasi kudzasambira ku Mangochi.

MayiWaAwiri_Manchester:
Achimwene, mawu amenewo ndimuuza monga mwawanenera, chifukwa ndi omwenso amalume ake anamuuza.

DadaWaKuMitchellsPlain:
Pali mtundu wina wa nkhondo umene sitinautchule, umene anthu a mitundu iwiri amamenyera nkhani yawoyawo popanda kudzikweza pamwamba pa abale awo akuda. Ku Congo, Rwanda ndi Burundi, boma la Belgium linkalanda ana otere kwa amayi awo n'kuwatsekera m'nyumba za amishoni, ena n'kuwatumiza ku Ulaya ufulu utayandikira. Ana amenewo atakalamba anasonkhana n'kuyamba kufuna mafayilo awo ndi mayina a amayi awo. Mu April 2019 nduna yaikulu Charles Michel inapepesa m'nyumba ya malamulo, ndipo mu December 2024 khoti la apilo ku Brussels linagamula mokomera amayi asanu obadwira ku Congo, kuti zimene boma linawachita zinali mlandu wolakwira umunthu. Kusiyana kwawo ndi bungwe la 1929 limene atchula aphunzitsi ndi koonekeratu, chifukwa awo ankafuna kuzindikiridwa ndi abambo awo achizungu, pamene awa ankafuna kubwezeredwa kwa amayi awo.

MphunzitsiWopuma:
Komabe tisawaweruze mopyola a 1929 aja, a Dada. Ambiri anali ana osiyidwa, ndipo m'dziko limene sukulu yabwino inkatsegukira mtundu umodzi wokha, kholo lililonse likanagogoda pa chitseko chimene chinkaoneka kuti chingatseguke. Cholakwa chachikulu chinali cha amene anamanga zitsekozo.

Mkandawire_Rumphi:
Ndipo ana osiyidwa sanathe ndi atsamunda. Pitani kumene kunadutsa ntchito za misewu, migodi ndi masitolo a alendo m'zaka zaposachedwapa, mudzapeza ana aang'ono amene abambo awo anabwerera ku Asia kapena ku Ulaya kontrakiti itatha. Anawa alibe banki yowalandira msanga, a Chimbalanga. Ali m'midzi ndi amayi osauka amene amanyozedwa kawiri, poyamba chifukwa chobereka popanda ukwati, kachiwiri chifukwa nkhope ya mwanayo imaulula nkhaniyo tsiku lililonse pa chitsime.

Chimbalanga88:
Amenewo ndiye ndikuwavomera, chifukwa ndinawaona ndi maso anga. Koma sindinamvepo makaladi a m'tauni akuwatchula.

MwanaWaKuThyolo:
Achimwene, ine ndine wa m'tauni ndipo ndikuwatchula tsopano. A Loya, kodi mayi wotere angapite kuti ngati bamboyo akadali m'dziko muno, kapena ngati kampani imene inamubweretsa ikadalipo? Gulu lathu lili ndi achinyamata amene angathe kuyenda nawo ndi kuwalembera makalata, koma sitikudziwa poyambira.

LoyaWamng'ono:
Poyambira ndi ku khoti la majisitireti la m'boma lawo, pansi pa lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, limene limalola mayi kapena wolera mwana kupempha kuti khoti litsimikize kholo la mwanayo ndi kulamula chithandizo. Ofesi ya zosamalira anthu ya pa boma imathandiza kulemba nkhaniyo, ndipo amene alibe ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau. Chofunika kwambiri ndi kufulumira bamboyo asanatuluke m'dziko, chifukwa akangodutsa pa Chileka kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu, chigamulo chimavuta kuchitsatira. Auzeni amayiwo asunge chilichonse chimene chili ndi dzina lake lenileni monga lilili pa pasipoti, mauthenga a pafoni, zithunzi, ndi umboni wa ndalama zimene anatumizapo, chifukwa ambiri amangodziwa dzina limene antchito anzake anamupatsa pa ntchito. Mwanayo alembetsedwenso kuti akhale ndi chiphaso cha kubadwa ngakhale bambo palibe.

Nankhoma_Dedza:
Mukamapita kumidziko muyambe mwafika kwa amfumu ndi kwa amalume a mwanayo musanalankhule ndi mayi wake, chifukwa mukawadumpha adzati mwabwera kudzatenga mwana, ndipo adzamubisa.